Khoma la Pakati kwa Rhoda

Lachitatu limenelo Esnat anadzuka nkhuku zisanatsike mumtengo. Anasesa pabwalo, anakatunga madzi kumjigo, anatsuka mbale zogonera, anamasula mbuzi n'kukazimangirira kudambo. Anaphikira mwana wake Eva phala la mawere, anachapa timalaya take n'kutiyanika pawaya, anathira phulusa m'chimbudzi, anavundikira anapiye ndi dengu poopa mphamba. Izi zonse manja ankangozigwira okha. Ntchito imene inkamuzunguza mutu inali yotsalayo: kupita ku Chitipa Boma kukasankha lesitilanti yodyetseramo mlendo, iye amene chibadwire anali asanagulepo chakudya chophikaphika, kupatula chipisi cha pachiwaya.

Mlendoyo anali mayi Chikhumbo a ku Lilongwe, ogula nyemba zodyetsa ana m'masukulu ogonera komweko. Gulu la amayi la Tikondwe, la ku Kaseye, linali litasonkha nyemba zake zonse m'shedi imodzi, ndipo Esnat ndiye ankalilankhulira, pakuti ngakhale sukulu inamuthera mu Fomu 1, Chichewa ndi masamu anatuluka nazo. Nyembazo zikanapanda kupita ndi mayi Chikhumbo, zikanagwera mavenda a ndowa zotupa mimba, aja amadikira anankafumbwe ayambe kulira m'matumba, n'kubwera kudzatchula mtengo ali panjinga, osatsika n'komwe.

Pafoni mayiwo sanazungulire.

"Ndifika Lachinayi masana. Ndili ndi nthawi ya nkhomaliro yokha, kenako ndipitirira ku Wenya, kuli gulu lina likundidikira. Ndikufuna inu ndi mwini shedi patebulo limodzi. Sikelo yanga ndi ndalama zanga sindisiya m'nyumba ya munthu amene sindinadye naye."

Mwini shedi anali bambo Jacob Simbeye, bambo ake a Jameson, mwamuna wa Esnat. Apongozi ake enieni.

Amene sanakwatiwe kuno akhoza kuseka. Kwa a Simbeye mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anana ndi apongozi aamuna. Sadya nawo, sawatchula dzina, akamva belu la njinga yawo panjira amapatukira m'munda n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Esnat anali atakhala pabanjapo mpaka kubereka Eva ndi kumuyendetsa, koma apongozi akewo ankawadziwa msana, chipewa, jombo zakuda ndi chifuwa chawo cha m'mawa. Nkhope ayi. Paukwati anali chowerama, kutchalitchi abambo amakhala mbali yawo. Zokambirana zinkadzera mwa Jameson kapena mwa apongozi aakazi. Tsono Jameson anali ku Mbeya kumaganyu omanga nyumba, ndipo apongozi aakazi Chichewa chawo chinkathera pa "zikomo".

Mwambowu Esnat sankaudandaula. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, komanso unkamupulumutsa ku mikangano yambiri imene anzake okwatiwa kwina ankabwera nayo kumjigo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: lesitilanti imene mlendo angadye ndi anthu awiri, awiriwo osaonana.

Anabereka Eva, anamanga ndalama za gulu pansonga ya chitenje, anatapa nyemba pang'ono m'kajumbo, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Mphepo ya mu Juni inkaulutsa fumbi moti pofika ku Boma nsidze zake zinali zofiira.

Anayambira kudepoti, kwa mayi wina wogulitsa chipisi mayai, chija chokazingira pamodzi ndi mazira, ndi supu wa mbuzi. Chipinda chinali chimodzi, mabenchi awiri oyang'anizana, wailesi ikuimba za ku Tanzania.

"Karibu, mama. Mudya chiyani?"

"Ndikungoona malo. Muno munthu angabisale pati?"

"Mukuthawa ngongole?"

"Ndikuthawa apongozi."

Mayiyo anaseka mpaka kutsamira chiwaya. "Ndiye mwasochera. Muno anthu amagundana maondo. Mwina muwadyetse atatseka maso."

Kuchoka apo anakwera mtunda kupita kuloji kumene amagona a mabungwe. Pakhomo anaima kaye. Chitseko chinali galasi lokhalokha, ndipo pansi pankanyezimira ngati pangothiridwa madzi, moti anayamba wapondapo ndi chala chimodzi kuti aone ngati n'poterera. Panali pouma gwa. M'katimo matebulo anali atavekedwa nsalu zoyera mbee. M'Chitipa muno, mwezi wa fumbi. Esnat, amene ankadziwa sopo amene nsalu yoyera imadya, anagwira pakona ya imodzi n'kuitembenuza, kufuna kadontho kamene kanabisidwa kunsi. Kanalibe. Pakona panaima firiji yaitali kuposa munthu, yowala m'kati ngati ili ndi mwezi wakewake, mabotolo atandanda ngati a kwaya. Eva anatulutsa dzanja m'mbereko n'kuloza.

Bambo woperekera zakudya, wa malaya oyera, anamukokera mpando. Esnat anacheuka kuti aone amene akubwera kumbuyo kwake. Kunalibe munthu. Mpandowo unali wake.

"Ndingaone kumene mumaphikira?" anafunsa, atakhala pang'ono kuti asakane ulemu.

Bamboyo anamutsegulira chitseko theka. Esnat anasuzumira, ndipo anangoti kakasi. Moto unali wabuluu, wopanda utsi, wotuluka m'timabowo mwandondomeko ngati mano a chipeso. Mapoto kunsi kwake kunalibe mwaye. Mayi wina ankakazinga anyezi maso ali owuma, akuimba nyimbo. Ndiye kuti padziko pomwe pano pali anthu amene amaphika osalira, osafufuza nkhuni, osapemerera mpaka chizungulire. Anaimirira pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira, mpaka bamboyo anatsokomola.

Koma maso a ntchito anabwerera. Chipinda chodyeracho chinali chotambasuka ngati bwalo la mpira, ndipo matebulo onse anali ozungulira. Tebulo lozungulira ndi la anthu ofuna kuonana. Atafunsa mtengo wa mbale imodzi ya nkhuku, anapeza kuti atatu akadya pamenepo ndalama za gulu zithera pa mpunga, nkhuku isanafike. Anathokoza, anatuluka pang'onopang'ono, ndipo ali pamsewu anacheukanso kawiri.

Kwa Rhoda anakupeza mwangozi, kuseri kwa msika, potsatira fungo la nkhuku yootcha. Rhoda anali mkazi wa wapolisi, kwawo ku Zomba, ndipo anabwera kuno kutsatira ntchito ya mwamuna wake.

"Monire, mama. Mwatandala uli?" anatero Rhoda, mawuwo akumupunthwitsa.

"Yewo. Lankhulani Chichewa, achemwali, mungadzilume lilime."

"Mwandipulumutsa. Lowani."

Esnat analowa, ndipo anaona chimene ankafuna. Nyumbayo kale inali mashopu awiri. Khoma lapakati analigumula theka lokha. Lotsalalo linkachokera kumbuyo n'kuthera pakati pa chipinda. Esnat anakhala pampando mbali imodzi.

"Takhalani mbali inayo. Mukundiona?"

"Ndikuona khoma."

"Weramirani kutsogolo. Nanga pano?"

"Khoma lomwelo. Kodi ndinu a zaumoyo?"

Esnat anafotokoza zonse. Matebulo awiri, lina mbali iyi ya khoma, lina mbali iyo, onse agundane ndi lachitatu pamene khomalo lathera. Mlendo akhale pa lachitatulo, awayang'ane onse awiri. Apongozi alowere khomo la kumaso, iye alowere cha kukhitchini iwo atakhala kale.

"Kwathu ku Zomba apongozi timawalemekeza," anatero Rhoda, "komatu osati mpaka kuwamangira khoma."

"Khoma munamanga kale ndinu. Ine ndikungolibwereka."

Kenako anatulukira kumbuyo osapempha. Anavundukula mgolo wa madzi n'kuyang'ana pansi pake, ananunkhiza kansalu kopukutira mbale, anakweza botolo la mafuta kudzuwa. Pathandala mbale zinali zovundikira. M'khola munali nkhuku zamoyo, za lokolo, ndipo anagwira imodzi pachidale n'kunena kuti ndi imeneyi.

"Mpunga ukhale wa ku Karonga. Mbalagha pang'ono, alaweko nthochi zakwathu. Mafuta atsopano, osati aja mwakazingira nsomba. Nyemba izi muphike zokha, mchere ndi tomato basi, musazibise m'zokometsera."

"Mlendo wa ku Lilongwe, wa galimoto yake?" Maso a Rhoda anawala. "Muona. Muno ndimukonza mpaka a kuloji achite nsanje."

"Musakonze zambiri. Mungosesa."

Madzulo ake uthenga unapita kwa apongozi aamuna kudzera mwa apongozi aakazi, ndipo yankho linabwera la mawu amodzi: amva.

Lachinayi bambo Simbeye analawirira panjinga yawo yakapalasa. Kabaza wa Esnat anawapeza pamlatho, ndipo iye atazindikira chipewa chija anatembenuzira nkhope kuminda mpaka fumbi linawabisa. Kwa Rhoda anafikira kukhitchini. Anakhala pamtondo wovundikira, akumvetsera. Anamva chifuwa chija, anamva mpando ukukokedwa. Patapita nthawi galimoto inaima, chitseko chinamenyedwa, nsapato za mayi zinagogoda pasimenti.

"Akhala," ananong'oneza Rhoda, atavala epuloni yatsopano. "Lowani mukaone mmene mwakongolera."

Esnat analowa chowerama, maso pansi. Anaona miyendo ya matebulo, anaona nsapato zofiirira za mlendo, anapeza mpando wake. Anapereka moni akuyang'ana m'manja. Eva anatsetsereka pamiyendo pake, anazungulira khoma, ndipo mbali inayo kunamveka mawu aakulu akumulandira m'Chilambya. Mwana alibe khoma.

Rhoda anawasambitsa m'manja ndi madzi ofunda, chakudya chinabwera, mlendo anapemphera mwachidule. Mayi Chikhumbo anali munthu wodya mofulumira, wolankhula ali m'kati motafuna. Anayamikira mbalagha, anafunsa za msewu wa ku Kaseye ngati lole ingadutse. Bambo Simbeye anayankha ndi Chichewa chawo cha kumaesiteti a tiyi kumene anagwirako ntchito ali mnyamata, chochedwa, cholemera, chotha ndi "yewo". Esnat ankamva mawu amenewo akudutsa m'khoma mpaka m'mbale yake. Anali asanawamvepo pafupi chotere.

Kenako supuni ya mlendo inagona pambale.

"Pepani, ndifunse. Inu awiri munayambana?"

"Iyayi, mayi," anatero bambo Simbeye. "Khomali ndi limene latithandiza kuti tisayambane."

"Za mwambo ndamva, a lesitilanti andiuza pakhomo. Koma ine ndinapsapo. Ku Mchinji ndinasiya ndalama kwa anthu a banja limodzi osalankhulana. Wina anagulitsa katundu, wina anati sakudziwa kanthu, ine pakati." Anatembenukira kwa Esnat. "Mayi, chilowereni ndikungoona duku lanu. Ine sindichita malonda ndi pamutu pa munthu. Tandiyang'anani. M'nyemba zanu muli anankafumbwe kapena mulibe?"

Kuyang'ana mlendo mwambo suletsa. Esnat anadzutsa mutu.

Kumbuyo kwa mayi Chikhumbo, pakhoma limene dzulo linali ndi kalendala yokha, panali galasi lalikulu ngati chitseko, lozunguliridwa ndi maluwa apulasitiki. Rhoda anali atalibwereka kusaluni yoyandikana naye. M'galasimo munali chipinda chonse. Munali msana wa mlendo. Munali Esnat mwini, maso ali tong'o. Munali khoma lija, loonekera kumapeto kwake, lopyapyala ngati mpeni woimika. Ndipo kuseri kwa mpeniwo kunali munthu.

Zaka zonsezi nkhope imeneyi anaipanga yekha m'mutu kuchokera ku jombo ndi mawu, ndipo anaipanga yolimba, ya nsagwada zazikulu, yosaseka. Sinali choncho. Anali mkulu wowonda, wakuda bii, wa magalasi amaso, imvi zitangoyamba m'mbali mwa chipewa. Eva anali pamiyendo pawo. Nkhope ziwirizo zinali imodzi pamwamba pa inzake. Chipumi chomwecho. Makutu omwewo, oima ngati akumvetsera za kutali. Nsidze ya kumanzere yokwera kuposa inzake, imene anthu ankati Eva amaoneka nayo ngati akufunsa funso. Ndi kabowo ka pachibwano, kamene Esnat ankakasisita poyamwitsa n'kumadzifunsa kuti kanachokera kuti, poti Jameson alibe, ndipo kwawo kwa a Kaonga kulibe amene ali nako. Kanali apo, pachibwano cha munthu wa imvi, kakuyenda pamene iwo ankatafuna.

Anaona apongozi ake akunyotsola kanyama ka nkhuku, akukauzira, akukagunditsa pamlomo wawo kuti amve ngati kazizira, kenako n'kukapereka kwa mwana. Zinali ngati watunga madzi pamtsinje umodzi zaka ndi zaka, ndiye tsiku lina wakwera phiri n'kupeza pamene madziwo amatumphukira pansi pa mwala. Anadziwa kuti ayenera kugwetsa maso, koma maso anakana.

Ndiye bambo Simbeye anadzutsa mutu, ndipo maso awo anakumana ndi ake m'galasimo.

Miyendo ya Esnat inadziwa chochita iye asanaganize. Inali itayamba kale kukankha mpando, kuti athawire kukhitchini, afunde chitenje kumutu, asatulukenso mpaka njinga ija itapita.

"Mwachedwa kuyankha," anatero mayi Chikhumbo, amene sankaona za kumbuyo kwawo. "Ndiye kuti alimo." Anayamba kupukuta zala, ndipo dzanja lina linapita pamakiyi a galimoto.

Esnat anamva kulira kwa makiyiwo. Akathawa, mayiwa adzuka, ndipo nyemba za amayi onse a Tikondwe zikathera m'ndowa za mavenda. Akakhala, wakhala pamaso pa apongozi. Anagwira mwendo wa tebulo ndi manja onse awiri, mwamphamvu, ngati akugwira mbuzi yofuna kudula chingwe. Sanadzuke.

M'galasimo anaona dzanja la apongozi ake likukwera pang'onopang'ono. Anavula magalasi awo, anawapinda mwendo umodzi, kenako winawo, anawalowetsa m'thumba la jekete n'kumanga batani.

"Mayi," anatero kwa mlendo, "magalasi awa andipweteketsa mutu. Ndikawavula sindiona kupitirira mbale yangayi. Muwauze amake Eva alankhule, ine ndili ngati kulibe."

"Ali pomwepa, bambo. Akumva."

"Muwauzebe."

Mayi Chikhumbo anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anacheuka kutsatira maso a Esnat. Anaona galasi. Anayang'ana nkhope zitatu zija, ndipo pobwerera makiyi anawasiya patebulo.

"Ine ndabwera kudzagula nyemba, mwandisandutsa mthenga," anatero. "Mayi, akuti mulankhule."

Mawu a Esnat anatuluka ang'ono, ngati akuchokera m'chitsime, koma anatuluka.

"Anankafumbwe mulibe. Tinaziwombetsa dzuwa, tinasankha ndi manja, tinaika m'matumba aja a pulasitiki m'kati. Zimene mwadya m'kambale ako ndi zomwezo, ndinabwera nazo dzulo. Koma matumba a kumapeto kwa shedi ndi nyemba zosakaniza mitundu, za amayi amene analibe mbewu yabwino. Amenewo musalipire mtengo umodzi ndi enawo. Ndikuuzirenitu, kusiyana n'kuti mukaone nokha ku Lilongwe."

Mayi Chikhumbo anakoka kambale kaja, anatapa nyemba imodzi n'kuifinya pakati pa zala. Inaphwanyika ngati mbatata.

"Zinatenga nthawi yaitali bwanji pamoto?"

"Funsani ophika."

"Makala a nkhuku omwewo, sindinawonjezere," anayankha Rhoda ali pakhomo la khitchini, akumwetulira, osadziwa chimene wachita.

Mlendo anatchula mtengo wake. Unali wotsika. Esnat anapukusa mutu, natchula wa gulu. Mlendo anaseka, anati mafuta a lole kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi mtengo wa ng'ombe. Esnat anati ng'ombeyo ndi yomweyo ngakhale akagule ku Wenya, ndipo msewu wa kumeneko udya matayala. Mlendo anakweza pang'ono. Lilime la Esnat linali litamasuka tsopano. Ankalankhula monga amalankhulira pansi pa mtengo pamsonkhano wa gulu, dzanja limodzi likumenya tebulo.

Kuseri kwa khoma kunamveka chifuwa.

"Mayi, muwauze asatsike."

"Bambo, mukundituma kuti ndidzikwezere mtengo ndekha?"

"Inu ndinu mthenga. Mthenga sasankha mawu."

Mayi Chikhumbo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu. "Akuti musatsike. Koma ine ndikuti tsikani pang'ono, mundisiyire ya matayala."

Esnat anatsika pang'ono, pamene amayi anali atamuloleza kutsika, osapitirira. Anagwirizana kuti lole ibwera Loweruka, sikelo itsala m'shedi ya a Simbeye, ndipo ku Wenya mayiwo akangodzazitsa malo otsala. Mlendo anagwirana chanza ndi Esnat mbali iyi, n'kugwirana chanza ndi bambo Simbeye mbali iyo, amene anayamba aphonya dzanjalo n'kugwira mpweya.

Nthawi yonseyi Esnat ankayang'ana mlendo, koma nkhope ija inali m'mphepete mwa diso lake ngati nyali ya nyumba ya ena. Pamene mayi Chikhumbo anawerama kufufuza m'chikwama, iye anaba kuyang'ana komaliza, akudziwa kuti n'komaliza. Popanda magalasi maso a mkuluyo anali aang'ono, ofatsa, otsinzinira pang'ono, ndendende Eva akangodzuka kutulo. Ankayang'ana m'mbale mwawo mokhulupirika, ngati munthu amene walonjeza. Esnat anaisunga nkhopeyo bwinobwino, chipumi, makutu, chibwano, monga amasungira mbewu, kenako anagwetsa maso.

"Muwauzenso," anatero bambo Simbeye akudzuka, "kuti lero ndamva mmene amalankhulira. Mwana wanga ankandiuza kuti anakwatira munthu wa phee."

"Ndiwauzenso chiyani?"

"Basi, zomwezo. Yewo."

Anamutsitsa Eva, ndipo Esnat anamva jombo zikufufuza njira, mpando ukugwa, kenako kugunda kwa mutu pafelemu ya chitseko. Sanadandaule. Belu la njinga linamveka patapita kanthawi, ndiye kuti magalasi anawavalira panja.

Mlendo atapita, Rhoda anabwera akuvina pang'ono.

"Galasi lija mwaliona, achemwali? Ngati kuloji."

"Ndaliona."

"Nanga bwanji simukuyamikira?"

"Takhalani pampando wangawu."

Rhoda anakhala, anayang'ana kutsogolo, ndipo m'galasimo anaona mpando wa mbali inayo uli gone pansi. Dzanja linapita pakamwa.

"Mayo ine. Inu munati khoma."

"Ndinati khoma. Za galasi sindinanene, sindinadziwe kuti n'zofunika kunena."

"Ndiye akakuthamangitsani?"

"Kaya. Mundikulungire nkhuku yotsalayo, mafupa omwe."

Atafika kumudzi sanadikire kuti nkhani imutsogolere. Anapita kukhitchini kwa apongozi aakazi, anagwada pakhomo n'kunena zonse m'chilankhulo chawo. Mayiwo anamvetsera akusenda chinangwa.

"Iwo afika ndi chotupa pachipumi," anatero. "Akuti sanaone kanthu, anali opanda magalasi. Koma iwe waona."

"Ndaona."

"Ndiye ukudziwa. Tambala wopepesera abwere mawa, adzere kwa ine. Ndipo panjira uzipatuka monga kale."

"Ndizipatuka."

Mpeni unapitiriza ntchito yake. Kenako, osadzutsa mutu, mayiwo anafunsa: "Wawaona bwanji?"

Esnat anafunafuna mawu. "Ndi Eva," anatero.

Apongozi aakazi anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. "Ukanawaona akuchokera kumaesiteti a tiyi, tsitsi lonse lilipo. Pita, mwana wagona pamsana."

Lole inabwera Loweruka, ndipo Lamulungu potuluka m'tchalitchi Esnat anaima pakhomo la shedi yopanda kanthu n'kuuza amayi a Tikondwe mmene ndalama zawo zinayendera. Chakudya cha anthu atatu kwa Rhoda, K27,000. Zakumwa, K4,500. Kabaza, kupita ndi kubwera masiku onse awiri, K20,000. Pa kilogalamu iliyonse anatsika ndi K100, ndipo matumba osakaniza anapita pamtengo wotsikirapo. Mwini saluni anafuna K3,000 ya galasi. Rhoda anati alipira yekha, koma anagawana pakati, ndiye gulu linapereka K1,500. Mwendo wa mpando umene unathyoka anakonza mwamuna wa Rhoda, ulere. Nyemba zophikidwa zija zinali za pagawo lake la m'shedi. Tambala sanamuike pa za gulu, anali wake.